Nyimbo za Khirisimasi: zinachokera kuti, nanga bwanji zimakamba za chisanu ife tili kupalira?

Disembala akangolowa, nyimbo zake sizichita kuitanidwa. M'masitolo, pa wailesi, m'minibasi, ngakhale pa foni ya munthu amene chaka chonse amamvera zina, mumayamba kumveka zomwezomwezo: Silent Night, Jingle Bells, Joy to the World, ndi gulu lija la Boney M lomwe kwathu kuno limagona miyezi khumi ndi umodzi n'kudzuka mwezi uno. Makwaya nawo amakhala kalikiliki ndi mapulakatisi a madzulo.

Mafunso nawo amabweranso chaka ndi chaka. Ena amati nyimbozi n'zakale ngati Chikhristu chenichenicho. Ena amati n'zachikunja zomwe zinangolowetsedwa m'tchalitchi. Ana amafunsa losavuta koma lomveka: bwanji tikuimba za kuzizira ndi chipale chofewa, chija amati sinowo, pomwe kunja kuli thukuta, mvula ikuvumba, anthu ali m'munda ndi makasu?

Mbiri yake siikomera mbali imodzi. Zambiri mwa nyimbo zotchukazi sizinakwanitse zaka 300, ndipo n'zolumikizalumikiza: mawu analemba wina, chuni anapeka wina amene sanakumanepo ndi woyambayo, wachitatu n'kudzaziphatikiza onse awiri atamwalira.

Poyamba kunali kuvina

Azungu olankhula Chingerezi nyimbozi amazitcha carol. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, makamaka ku France, carol inali nyimbo yovinira anthu atapanga bwalo: mmodzi akutsogolera ndime, ena onse akuvomera kolasi uku akuzungulira. Amene anaonapo amayi akuvina chimtali sangavutike kumvetsa. Nyimbo zotere zinkaimbidwa nthawi iliyonse ya chisangalalo, pokolola, pa Pasaka, dzinja lawo lozizira likatha, ndipo ansembe ambiri ankaziyang'ana ndi diso lofiira.

Tchalitchi chinali ndi zakezake. Umboni wakale kwambiri wosonyeza kuti Akhristu a ku Rome ankakumbukira kubadwa kwa Yesu pa 25 Disembala umaloza chaka cha 336, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 300 bishopu Ambrose wa ku Milan analemba nyimbo ya kubadwako m'Chilatini. Baibulo silitchula tsiku. Akatswiri ena amati tsikuli analisankha kuti ligwirizane ndi chikondwerero cha dzuwa cha Aroma, pomwe ena amati anangowerenga miyezi isanu ndi inayi kuchokera pa 25 Malichi, tsiku lomwe ankakhulupirira kuti Maria anatenga pathupi. Kaya zinayenda motani, kumapeto kwa Disembala ku Ulaya ndi nthawi ya usiku wautali kwambiri ndi kuzizira koopsa. Ntchito ya kumunda imakhala itaima, ziweto zina zaphedwa chifukwa msipu palibe, mowa wapsa. Anthu ankachita phwando masiku khumi ndi awiri, mpaka pa 6 Januwale. Chisanu cha m'nyimbozi chinalowera pamenepo. Luka sanalembe za sinowo ku Betelehemu, iye anangoti abusa anali kubusa usiku akuyang'anira nkhosa.

Vuto la nyimbo za Chilatini linali loti munthu wamba ankangomva phokoso lokoma. Amene anathandiza kusintha zinthu ndi Francis wa ku Assisi ndi omutsatira. Mu 1223, pamudzi wa Greccio ku Italy, Francis anakonza chodyera ziweto chenicheni, udzu, ng'ombe ndi bulu, kuti anthu aone ndi maso umphawi umene mwanayo anabadwiramo. Omutsatira anayamba kupeka nyimbo zachipembedzo m'zilankhulo za anthu, pa machuni osavuta kugwira. Zina zinkasakaniza: In dulci jubilo, ya m'ma 1300, imadumpha kuchoka m'Chilatini kupita m'Chijeremani m'ndime imodzi yomweyo. Ku England, cha m'ma 1426, wansembe wina dzina lake John Audelay anasiya mpukutu wokhala ndi nyimbo 25 zomwe anazitcha za Khirisimasi.

Si zonse zinali zachimwemwe. Mumzinda wa Coventry, magulu a amisiri ankachita masewero a nkhani za m'Baibulo m'misewu, gulu lililonse ndi gawo lake. Atelala ndi ometa nsalu za ubweya anapatsidwa nkhani ya kubadwa kwa Yesu mpaka pamene Herode analamula kupha ana. M'sewerolo muli nyimbo yomwe lero imatchedwa Coventry Carol, mawu ake analembedwa m'buku mu 1534. Ndi amayi a ku Betelehemu akutonthoza makanda awo kuti agone, asilikali ali m'njira. Makwaya ambiri amaiimba mokoma pakati pa nyali ndi maluwa, omvera osadziwa kuti akumva nyimbo ya maliro.

Panalinso mwambo woyenda khomo ndi khomo. Osauka ankaimba pakhomo pa olemera, eni nyumba n'kutulutsa chakudya, chakumwa kapena ndalama. We Wish You a Merry Christmas ndi yamtundu umenewo: mukaimvetsera mpaka kumapeto, oimbawo akuitanitsa chakudya chotsekemera ndipo akunenetsa kuti sachoka asanalandire.

Pamene Khirisimasi inali mlandu

Mpingo utagawanika m'zaka za m'ma 1500, nyimbozi zinapeza abwenzi ndi adani. Martin Luther ankazikonda, mwiniwake analemba ina ya mngelo wobwera ndi uthenga kuchokera kumwamba, ndipo ku Germany mwambo sunaduke. Otsatira John Calvin anaona mosiyana. Kwa iwo, choyenera kuimbidwa m'tchalitchi chinali Masalimo basi, ndipo tsiku limene Baibulo silinalamule silinali loyenera kusungidwa. Ankadandaulanso ndi kuledzera, juga ndi ndewu za masiku khumi ndi awiri aja, zomwe kunena zoona zinalipodi.

Nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa tchuthi cha Khirisimasi mu 1640. Ya England inaletsa chikondwererochi mu 1647, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka ufumu utabwezeretsedwa mu 1660. Ku Massachusetts, ku America, lamulo la mu 1659 linkalipitsa mashiling'i asanu aliyense wopezeka akusunga Khirisimasi.

Chiletso chitatha, nyimbozi sizinabwerere m'tchalitchi msanga. Kwa zaka zambiri mpingo wa England unkaloleza nyimbo imodzi yokha ya Khirisimasi, While Shepherds Watched, yomwe inatuluka mu 1700, ndipo inapulumuka chifukwa ndi mutu wachiwiri wa Luka woikidwa m'ndakatulo, pafupifupi liwu ndi liwu. Zinazo zinapitirira kumidzi, m'nyumba za anthu ndi m'malo omwera mowa.

Ku Scotland nkhaniyi inakhalitsa kwambiri: tsiku la Khirisimasi linadzakhala tchuthi cha boma mu 1958. Ndiye kuti amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 ankachokera m'dziko lomwe pa 25 Disembala anthu ankapita kuntchito ngati tsiku lina lililonse. Mtsutso umene ulipo lero pakati pa mipingo yosunga Khirisimasi ndi yosasunga ndi womwewu, ndipo mfundo za mbali zonse sizinasinthe kwenikweni.

Mawu kwina, chuni kwina

Tengani Hark! The Herald Angels Sing. Mawu ake analemba Charles Wesley, mmodzi mwa oyambitsa mpingo wa Methodist, mu 1739. Mnzake George Whitefield anadzasintha mzere woyamba n'kuikamo angelo oimba. Chuni chimene tonse timadziwa chinali chisanapekedwe. Anachipeka Felix Mendelssohn, wopeka nyimbo wa ku Germany, mu 1840, Wesley atamwalira zaka zoposa 50, ndipo sankaganiza za Betelehemu n'komwe: inali nyimbo ya chikondwerero cha mumzinda wa Leipzig chokumbukira zaka 400 za makina osindikizira mabuku a Gutenberg. Mendelssohn mwiniwake analemba m'kalata kuti chunicho sichingayenerane ndi mawu achipembedzo. Atamwalira, woimba limba wina wa ku England, William Cummings, anaphatikiza ziwirizi mu 1855, ndipo zinagwirana ngati zinabadwira pamodzi.

Joy to the World nayo si nyimbo ya Khirisimasi mwa chibadwa. Isaac Watts anailemba mu 1719 potanthauzira Salimo 98, n'chifukwa chake simupezamo khola, abusa kapena nyenyezi. Chuni chake chinafala kudzera mwa Lowell Mason wa ku Boston m'zaka za m'ma 1830. A kwaya angachiyese okha: manoti asanu ndi atatu oyamba ndi sikelo chabe yotsika kuchokera pa do wapamwamba kufika pa do wapansi. Chimene chimaisandutsa nyimbo ndi kutalika ndi kufupika kwa manotiwo.

Good King Wenceslas inavala chuni cha nyimbo ya maluwa ophuka chisanu chikatha, yochokera m'buku la mu 1582, pamene John Mason Neale anaiikira mawu a sinowo mu 1853. O Come, All Ye Faithful imapezeka m'Chilatini m'buku la mu 1751 la John Francis Wade, Mkatolika wa ku England amene anakhala ku France, ndipo inalowa m'Chingerezi mu 1841.

Usiku wa ku Oberndorf

Silent Night ndi yosiyana ndi zinzake chifukwa tsiku, malo ndi eni ake zonse zikudziwika. Joseph Mohr anabadwira ku Salzburg mu 1792, mayi ake ali wosauka wosakwatiwa, bambo ake msilikali amene anathawa. Anakula n'kukhala wansembe, ndipo mu 1816, ali pamudzi wa m'mapiri wotchedwa Mariapfarr, analemba ndakatulo ya ndime zisanu ndi imodzi.

Chaka chimenecho chinali chowawa. Nkhondo za Napoleon zinali zitangotha. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu 1815, phulusa lake n'kusokoneza nyengo mpaka ku Ulaya, mbewu n'kukanika, njala n'kugwa. Malire a maiko anajambulidwanso kutsata mtsinje wa Salzach, kotero kuti tauni ya Laufen inapita ku Bavaria, pomwe dera lake la kutsidya, Oberndorf, linapita ku Austria. Anthu a ku Oberndorf ankadalira kunyamula mchere pa mabwato, ndipo ntchitoyo inali italowa pansi. Kumeneko ndi kumene Mohr anatumizidwa.

Pa 24 Disembala 1818 anatenga ndakatulo ija n'kupita nayo kwa Franz Xaver Gruber, mphunzitsi wa pamudzi woyandikana wa Arnsdorf amene ankaimbanso limba m'tchalitchi cha St Nicholas cha ku Oberndorf. Anamupempha chuni cha mawu awiri ndi gitala. Usiku womwewo anaiimba awiriwo, Mohr akukhwatcha gitala, kwaya ikubwereza mizere yomaliza ya ndime iliyonse. Nkhani yoti mbewa zinatafuna limba, yomwe alaliki amaikonda kwambiri, inadzabwera pambuyo ndipo zolembedwa za nthawiyo siziitchula.

Nyimboyi inatuluka m'mudzimo ndi mmisiri wokonza malimba, Karl Mauracher, amene anapita nayo kwawo ku chigwa cha Zillertal, m'dera la Tyrol. Kumeneko kunali mabanja oyenda m'maiko akuimba, ena akugulitsanso magolovesi m'misika. Banja la Strasser linaifikitsa ku Leipzig, la Rainer linaiimba ku New York mu 1839. Poyenda choncho maina a eni ake anatayika. Anthu ankangoti ndi nyimbo ya makolo ya ku Tyrol, ena n'kumaipereka kwa wopeka nyimbo wotchuka Michael Haydn, mpaka Gruber analemba chikalata mu 1854 chofotokoza mmene zinayendera. Mohr anali atamwalira kale mu 1848, ali wosauka. Pepala lolembedwa ndi dzanja lake, lotsimikiza kuti mawu ndi ake a mu 1816 ndipo chuni ndi cha Gruber, linadzapezeka mu 1995.

Chingerezi chimene chimaimbidwa lero anamasulira John Freeman Young mu 1859, ndipo mwa ndime zisanu ndi imodzi zija dziko limaimba zitatu. Pa Khirisimasi ya mu 1914, m'madera ena a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali a Britain anamva a Germany akuiimba m'maenje awo, ndipo m'malo angapo mfuti zinaima kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Amene anazitolera n'kuzibweza m'tchalitchi

Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anthu ophunzira ku England ankaona ngati nyimbo zakale za kumidzi zikufa. Davies Gilbert anasindikiza zina mu 1822, William Sandys zina mu 1833, ndipo m'buku la Sandys ndi mmene The First Nowell ndi God Rest Ye Merry, Gentlemen zinafalira. Mu 1871 Henry Bramley ndi John Stainer anatulutsa buku loika nyimbozi m'mawu anayi, soprano, alto, tenor ndi bass. Kamvekedwe kamene ambirife timati n'ka Khirisimasi yeniyeni kanachokera m'zaka zimenezi. Nyimbo yovinira inasanduka yoimirira njo, buku lili m'manja.

Mwambo wosinthanitsa mawerengo a m'Baibulo ndi nyimbo uli ndi mwini wake. Bishopu Edward White Benson anauyambitsa ku Truro pa 24 Disembala 1880, nthawi ya 10 koloko usiku, m'nyumba ya matabwa yomwe ankapemphereramo poyembekeza kuti tchalitchi chachikulu chimangidwe. Amati anasankha ola limenelo kuti amuna asakathere usiku kumowa. Mawerengo anali asanu ndi anayi, kuyambira kuchimwa kwa Adamu mpaka kubadwa kwa Yesu, ndipo owerenga ankayambira wamng'ono wa m'kwaya kukathera kwa bishopu. King's College ya ku Cambridge inautenga mu 1918, nkhondo itangotha, kudzera mwa Eric Milner-White amene anali wansembe wa asilikali. BBC inayamba kuulutsa mwambowu mu 1928, ndipo wailesi ndi imene inaufikitsa kumaiko akutali. Mpaka lero umayamba ndi mnyamata mmodzi akuimba yekha ndime yoyamba ya Once in Royal David's City, ndipo amauzidwa kuti ndi iye patangotsala kanthawi kochepa, kuti asakhale ndi nthawi yochita mantha.

America: ukapolo, malonda ndi malekodi

O Holy Night inayambira ku France mu 1847: mawu a Placide Cappeau, wogulitsa vinyo, chuni cha Adolphe Adam, wopeka nyimbo za m'masewero. John Sullivan Dwight wa ku Boston, wodana ndi ukapolo, anaimasulira mu 1855, ndipo ndime yake yachitatu, yonena kuti kapolo ndi m'bale wathu, inali nkhani yotentha m'dziko lomwe ukapolo unali udakali wololedwa. Akapolowo analinso ndi zawo. Go Tell It on the Mountain inachokera kwa anthu akuda a ku America, ndipo anaisunga m'buku ndi John Wesley Work Jr. wa pa Fisk University chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Jingle Bells ndi nkhani ina. James Lord Pierpont anaisindikiza mu 1857, ndipo mulibe Yesu, mulibe ngakhale liwu loti Khirisimasi. Ndi nyimbo ya achinyamata othamangitsa ngolo yotsetsereka pa sinowo, yokokedwa ndi kavalo mmodzi. Mabelu ankamangidwa pa kavalo chifukwa ngolo yotere siimveka ikamabwera.

Kenako kunabwera malekodi, wailesi ndi masitolo. Rudolph, mphalapala ya mphuno yofiira ija, inapekedwa mu 1939 m'kabuku komwe sitolo ya Montgomery Ward inkagawira makasitomala, nyimbo yake n'kutuluka mu 1949. White Christmas analemba Irving Berlin, Myuda wobadwira mu ufumu wa Russia, ndipo lekodi ya Bing Crosby ya mu 1942 inagulidwa mosaneneka, makamaka chifukwa cha asilikali osowa kwawo. Ndime yake yoyamba, yomwe kawirikawiri amaidumpha, ndi ya munthu amene ali ku California, dzuwa likuswa mtengo, akulakalaka chisanu cha kumene anakulira.

Ya Boney M ija, Mary's Boy Child, anapeka ndi Jester Hairston, mdzukulu wa akapolo, m'kamvekedwe ka calypso ka ku Caribbean. Harry Belafonte anaijambula mu 1956. Boney M, gulu lomwe Frank Farian anasonkhanitsa ku West Germany ndi oimba ochokera ku Jamaica, Montserrat ndi Aruba, linaijambulanso mu 1978. Apa makwaya ojambula nyimbo zogulitsa ayenera kusamala: Silent Night ndi zinzake zakale zilibenso mwini woti alipidwe, koma Hairston anamwalira mu 2000, ndipo nyimbo yake idakali ndi eni.

Zitafika kuno

Kwathu nyimbozi zinabwera m'mabuku a nyimbo a mishoni, ndipo zinaphunzitsidwa ndi do re mi fa so, njira yomwe John Curwen anafalitsa ku England ndipo makwaya athu akuigwiritsabe ntchito. Omasulira anakumana ndi vuto lenileni. Mawu a Chichewa ndi ataliatali ndipo mphamvu yake imagwera pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe mizere ya nyimbo za Chingerezi imakonda kuthera pa silabo yamphamvu. Kuti mawu akwane pa chuni, ankawadula. Tizizindikiro tambirimbiri tosonyeza kuti lemba lachotsedwa, tomwe mumationa m'mabuku akale a nyimbo, ndi zipsera za ntchito imeneyo, ndipo n'chifukwa chake mizere ina timaiimba mwamphamvu koma titaiyankhula anthu angatidabwe.

Kumpoto anayesa njira ina. Donald Fraser, mmishoni wa ku Scotland, ali ku Loudon komwe ndi ku Embangweni, analimbikitsa Akhristu a Chingoni kuika mawu achikhristu pa machuni a kwawo, ndipo ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo. Anthu ngati Mawelera Tembo anapeka nyimbo za mtsogoleri ndi ovomera, zomwe zimaimbidwabe m'Sinodi ya Livingstonia.

Katundu sanayende njira imodzi yokha. Tom Colvin, m'busa wa ku Scotland amene anatumikira ku Blantyre ndi ku Ghana, anatenga chuni cha ku Malawi n'kuchiikira mawu a Chingerezi a kubadwa kwa Yesu, ofunsa dzina limene mwanayo apatsidwe. Nyimboyo, That Boy-Child of Mary, inalowa m'buku la nyimbo la mpingo wa United Methodist ku America la mu 1989, ndipo pansi pake, pomwe amalemba dzina la chuni, analemba kuti BLANTYRE.